"Mubzalira yani?": Mabanja opanda ana akupeza chiyembekezo m'pemphero ndi m'nazale ku Ntcheu

Ntchito yambiri yomwe timagwira ife alangizi a zaumoyo ndi yokhudza ana. Tsiku la sikelo timayeza makanda, timapereka katemera, timaphunzitsa za kadyedwe koyenera ndi za kulera. M'kaundula wa mudzi timalemba amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka zisanu. Koma m'midzi yomwe timayendera kuno ku Ntcheu muli makomo ena omwe m'kaundulamo saonekera kwenikweni. Awa ndi makomo a mabanja omwe akhala zaka zambiri akufuna mwana koma osamuona. Kusikelo safika chifukwa alibe womubereka kumsana, ndipo pamsonkhano wa zakulera amakhala kumbuyo kapena osabwera n'komwe.

Nkhani ya abale athuwa ikukhudzana kwambiri ndi ntchito yolimbana ndi HIV ndi Edzi. N'chifukwa chake taganiza zoti tiikambe poyera m'kalata ino.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Achipatala amati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati mwamuna ndi mkazi akhala akugonana pafupipafupi kwa miyezi 12, osagwiritsa ntchito njira iliyonse yolera, koma mimba osaoneka. M'chaka cha 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vutoli nthawi ina pamoyo wake, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni pakati pa mayiko olemera ndi osauka.

Pali amayi omwe sadatengepo pathupi chikhalire. Palinso ena, omwe kuno ku Africa ndiwo ambiri, oti adabereka kamodzi kapena adapitapo padera, kenaka basi, zii.

Zifukwa zake zambiri ndi zodziwika. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana akapanda kuchizidwa msanga amatseka njira zomwe dzira la mayi limadutsa popita m'chiberekero, ndipo kwa bambo amatha kutseka njira ya mbewu. Choopsa n'chakuti amayi ambiri sadziwa kuti ali ndi matendawa poti nthawi zina saonetsa zizindikiro. Chindoko chimachititsa mayi kupita padera kapena kubereka mwana wakufa kale. Kuchotsa mimba mobisa ndi zitsamba kapena timitengo, komanso kuchirira pamalo opanda ukhondo, kumalowetsa tizirombo m'chiberekero. Nalo likodzo, lomwe timakumana nalo m'madera a madambo ngati kuchigwa cha Bwanje, silithera m'chikhodzodzo mokha. Limathanso kuononga ziwalo zoberekera za mayi ngakhalenso za bambo.

Abambo nawo adziwe kuti vutoli si la amayi okha. Bambo akhoza kukhala ndi mphamvu zake zonse kuchipinda koma mbewu zake zili zochepa kapena zofooka. Akatswiri amati pafupifupi theka la mabanja ovutika kubereka, bambo amakhala ndi mbali yake pa vutolo. Ndipo kwa omwe amanena jakisoni wolera, choona n'chakuti jakisoniyu satseketsa kubereka. Amangochedwetsa mimba kwa miyezi ingapo, mwina kufika chaka, mayi akasiya kubayitsa.

Maliro opanda siwa

Munthu akamwalira pamudzi, mfumu imatumiza uthenga, anthu amasonkhana pasiwa, amayi amagona m'nyumba, abambo amachezera pamoto, ampingo amaimba mpaka mbandakucha. Wofedwa salira yekha. Koma mayi yemwe mwezi uliwonse amati mwina uno ndi womwewo, kenaka n'kuona kuti wasambanso, amalirira kuseri kwa nyumba. Akatero amapukuta misozi, n'kutenga ndowa kupita kumjigo ngati palibe chachitika. Chisoni chakecho chilibe mwambo, chilibe wodzapepesa, ndipo mwezi wotsatira chimabweranso.

Pamwamba pa chisonicho pamabwera mayina. Mayi amatchedwa chumba, bambo amatchedwa gojo kapena amati adagwa m'papaya. Anzawo onse akuitanidwa kuti make uje, bambo a uje, iwo akuitanidwabe ngati achinyamata ngakhale imvi zayamba. Pachinamwali kapena pamwambo wolangiza mayi woyembekezera amauzidwa kuti atuluke, izi n'za akuluakulu. Mwana wa pamudzi akadwala mosadziwika bwino, ena amayamba kuloza chala nyumba yopanda mwana ija.

Mabanja nawo amagwedezeka. Kwa mkamwini, akuchikazi amayamba kung'ung'udza kuti wangobwera kudzatha nsima. Kwa mtengwa, akuchimuna amanong'oneza mwana wawo kuti apeze wina. Ankhoswe amaitanidwa, milandu imakambidwa, koma kawirikawiri palibe yemwe amafunsa awiriwo kuti mumtima mwawo muli bwanji, kapena ngati adapitako kuchipatala.

Pomwe kachirombo kamapezera mpata

Banja lofuna mwana siligwiritsa ntchito kondomu, izi n'zodziwikiratu. Vuto limabwera pamene kufunafuna mwanako kwatulukira kunja kwa nyumba. Bambo amapita kukayesa kwina kuti aonetse kuti iye ali bwinobwino. Mayi, poopa kuthamangitsidwa, amatha kupeza mwamuna wamseri. Mabanja ena amagwirizana zolowetsa fisi m'nyumba kuti awaberekere. Ena ukwati ukatha amalowa wina, utha amalowa winanso, konseko osayezetsa magazi. Palinso asing'anga ena omwe amatemera anthu angapo ndi lumo limodzi, kapena kuuza mayi kuti mankhwala agwira ntchito pokhapokha agone nawo.

Apa tikuona kuti zinthuzi zimaberekana. Matenda opatsirana pogonana amabweretsa kusabereka, kusabereka kumachititsa anthu kugonana ndi anthu ambiri mosadziteteza, ndipo mchitidwe umenewu umabweretsanso matenda omwewo pamodzi ndi HIV. Nako kachirombo ka HIV, munthu akakhala kuti sakulandira mankhwala, kamachepetsa mwayi wotenga pathupi ndipo kamachulukitsa kupita padera.

Tikumbutsane kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo, komanso lamulo la HIV ndi Edzi lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, amaletsa miyambo yoika moyo wa munthu pachiswe. Mwana yemwe tikumufunayo asatipezetse matenda kapena mlandu.

Chithandizo chilipo, pitani awiri

Choyamba ndi kupita kuchipatala limodzi, bambo ndi mayi. Kumeneko mudzalandira uphungu, mudzayezedwa HIV, chindoko ndi matenda ena, ndipo ochizika adzachizidwa nonse awiri nthawi imodzi. Mudzaphunzitsidwanso kuwerenga masiku omwe mayi angatenge pathupi, omwe kwa amayi ambiri amagwa chapakati pa msambo wina ndi unzake. Pakafunika kuunika mozama, monga kuyeza mbewu ya bambo kapena kuona ngati njira za mayi zili zotseguka, chipatala chaching'ono chimatumiza kuchipatala cha boma cha Ntcheu, ndipo kumeneko angathe kukutumizani kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Mayi yemwe wapitirira zaka 35 asadikire chaka chathunthu, apite pakangotha miyezi 6.

Kwa omwe ali ndi HIV, zinthu zidasintha kwambiri. Ma ARV aulere adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2011 dziko la Malawi lidakhala loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachiromboka pa ma ARV a moyo wonse, njira yomwe mayiko ena adatengera. Chaka chomwecho kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mbali ina adachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adaonetsa kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa ndi 96 peresenti mwayi wopatsira mkazi kapena mwamuna wako. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Lero tikudziwa kuti munthu yemwe akumwa mankhwala mwandondomeko mpaka tizirombo osaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Uwu ndiwo uthenga wa Tizirombo Tochepa = Thanzi. Choncho banja lomwe lili ndi HIV likhoza kubereka mwana wopanda kachirombo ngati litsatira malangizo a achipatala.

Komabe tinene zoona. Alipo mabanja omwe adzachita zonsezi koma mwana osabwera. Kodi amenewa tiwauza chiyani?

Mpingo uli ndi mawu opitirira "dikirani"

Boma lathu lili ndi mipingo yakalekale. Ku Nzama ndi komwe ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901, ndipo ku Gowa ndi ku Mlanda nako uthenga udafika kale kwambiri. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi akhristu a m'miphakati amafika pakhomo lililonse pomwe pagwa zovuta. Ngati pali gulu lomwe lingathe kukhala pansi ndi banja lopanda mwana, ndi limeneli.

Baibulo silibisa chisoni cha kusabereka. M'buku loyamba la Samueli timamva za Hana yemwe ankalira mpaka kukana chakudya chifukwa chotonzedwa ndi mkazi mnzake Penina, ndipo popemphera m'nyumba ya Mulungu wansembe Eli adamuyesa woledzera. Sara, Rebeka, Rakele ndi Elizabeti onse adadikira zaka zambiri. Izi zikutiphunzitsa kuti kulira si kuchepa chikhulupiriro, ndipo kusabereka si chilango. Za Elizabeti ndi mwamuna wake Zekariya, Luka akutsindika kuti adali anthu olungama.

Vuto n'lakuti alaliki ambiri amathera pa mwana wobadwa kumapeto kwa nkhanizo. Mayi yemwe wapemphera zaka 20 amachoka m'tchalitchi akudzifunsa kuti iye adalakwanji. Koma pa Yesaya 56 pali uthenga wopita kwa munthu yemwe sadzabereka konse. Mneneriyu akumuletsa kudziona ngati mtengo wouma, ndipo akuti Mulungu adzamupatsa malo m'nyumba yake ndi dzina losafafanizika, loposa lomwe ana akadamupatsa. Ambuye Yesu sadasiye mwana wa m'thupi, koma palibe anganene kuti moyo wake udali wopanda phindu.

Tichenjezenso za ena omwe amalonjeza mwana posinthana ndi ndalama, mbuzi kapena madzi odalitsa, ndi ena omwe amauza anthu kuti asiye ma ARV poti achiritsidwa. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Pempherani, ndipo mankhwala imwani tsiku lililonse.

Mapiri athu nawonso ali pachisoni

Mwina wina afunsa kuti nanga mitengo ikubweramo bwanji m'nkhaniyi. Aliyense woyenda pamsewu wa M1 kudutsa ku Senzani ndi ku Manjawira amaona matumba a makala ali ndandanda. Pa kalembera wa 2018 boma la Ntcheu lidapezeka ndi anthu oposa 650,000, ndipo pafupifupi khomo lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Nkhalango za Mvai ndi Dzonzi zadulidwa kwambiri. Mu 2018 damu la Mpira, lomwe limapereka madzi a m'mipope kumadera a Ntcheu ndi Balaka, lidaphwa, anthu n'kubwerera kuzitsime ndi kumitsinje. Zina mwa zifukwa zake zidali kuchepa kwa mvula ndi kutha kwa mitengo kumtunda komwe madziwo amachokera. Ife a zaumoyo timadziwa chomwe chimatsatira madzi abwino akasowa: kutsegula m'mimba, komwe kumavutitsa kwambiri ana ndi anthu omwe chitetezo chawo chatsika.

Dziko lathu lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030, ndipo chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ntchito imeneyi ikufuna manja, ikufunanso anthu odekha omwe adaphunzira kudikira.

M'dera lina lomwe timagwirako ntchito, m'munsi mwa mapiri a Kirk Range, muli banja lomwe lidatilola kufotokoza nkhani yawo bola tisatchule mayina. Akhala limodzi zaka 14 opanda mwana. Bambowo, atamvera abale, adakayesa kunja. Mwana sadapezeke, koma patapita nthawi onse awiri adapezeka ndi kachirombo. Adayamba ma ARV, thanzi lidabwerera, koma ataunikidwa kuchipatala adauzidwa kuti mwayi wobereka ndi wochepa kwambiri. Mayiwo adasiya kupita kutchalitchi chifukwa nkhani ya Hana ikamalalikidwa ankaona ngati maso onse ali pa iwo.

Yemwe adawadzutsa ndi gogo wina wa m'gulu la amayi a mpingo. Gogoyu sadabwere ndi mankhwala kapena ulaliki. Ankangobwera kudzakhala nawo pakhonde, kutongola nawo chimanga, ndi kupemphera nawo mwachidule. Patapita miyezi adawapempha kuti akawathandize kuthira dothi m'machubu kunazale ya mpingo. Mayiwo akuti adavomera chifukwa cha ulemu chabe. Koma mbewu zomwe adafesa zitamera, adayamba kulawirira m'mamawa kukathirira, ndipo aka kadali koyamba m'zaka zambiri kudzuka ali ndi chinthu chowadikira.

Chaka chimenecho adatengako mbande zokabzala kwawo. Apa padali vuto lina. Bambowo ndi mkamwini, ndipo tikudziwa kuti akamwini ambiri safuna kubzala mitengo pamalo a akuchikazi poopa kuti tsiku lina adzaisiya. Nanga wopanda mwana ndiye angabzale bwanji? Awiriwa adakhala pansi ndi mwinimbumba, adagwirizana za malire, ndipo adabzala mitangatanga ndi kesha m'mbali mwa munda, nsungwi m'chigwembe chomwe chinkadya munda wawo, mango ndi mapeyala pakhomo.

Anthu odutsa ankawafunsa kuti, "Mubzalira yani?" Funsoli limapweteka chifukwa ndi lomwe munthu wopanda mwana amadzifunsa yekha usiku. Yankho lake likuoneka lero. Chigwembe chidaleka kukula. Pamudzi pakagwa maliro nkhuni zina zimachokera kwa iwo. Ana opita kusukulu amaima pakhomopo nyengo ya mango, ndipo mayiwo ndiwo amaphunzitsa achinyamata a mpingo kufesa ndi kuwokera. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayiwo sabisa kuti masiku ena chisoni chimawagwirabe, makamaka akamva kuti mtsikana yemwe adamuona akubadwa wachira. Mtengo si mwana, ndipo sitikunena kuti ungalowe m'malo mwa mwana. Koma banjali lidasiya kufunafuna mwana m'njira zoopsa, likumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo lili ndi malo ake pamudzi.

Phunziro la msangu ndi chitsa

Alimi a kuchigwa amaudziwa bwino msangu. Nthawi ya dzinja, mitengo yonse ikabiriwira, msangu umayoyola masamba n'kuima ngati wouma. Mlendo akhoza kunena kuti udulidwe. Koma mwini munda amadziwa kuti chimanga cha pansi pa msangu ndicho chimabereka bwino, chifukwa masamba aja amasanduka chonde ndipo mtengowo sutchinga dzuwa. Chilimwe chikafika, ina yonse itayoyoka, msangu ndiwo umapereka mthunzi ndi chakudya cha ziweto. M'midzi mwathu muli anthu otere. Ambiri mwa ana amasiye omwe makolo awo adapita ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 adaleredwa ndi azakhali ndi amalume, ena mwa iwo oti sadaberekepo.

Chitsa nacho chili ndi phunziro. M'zaka za m'ma 1980, mmishonale wa ku Australia, Tony Rinaudo, ankagwira ntchito ku Niger komwe mitengo yambiri yomwe ankabzala inkafa. Adazindikira kuti tchire lomwe anthu ankalitentha m'minda lidali mphukira za zitsa zomwe mizu yake idali yamoyo. Alimi atayamba kusiya mphukira zochepa zamphamvu pachitsa chilichonse n'kusadza zinazo, mitengo idabwerera m'minda yambiri ya dzikolo. Njira imeneyi ikugwiranso ntchito kuno kwathu, ndipo siifuna ndalama. Buku la Yobu nalo, pamutu 14, limakamba za mtengo wodulidwa womwe umaphukanso ukamva chinyezi.

Tingayambe bwanji?

Mpingo, gulu lothandizana la anthu omwe ali ndi HIV kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ikhoza kuyambitsa nazale pafupi ndi madzi. Nazi zina zoyenera kukumbukira:

• Funsani mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi wa m'dera lanu za mitengo yoyenera nthaka yanu. Yomwe imachita bwino ku Tsangano ndi ku Lizulu si yomwe imachita bwino ku Kasinje kapena ku Sharpevale.

• Fesani m'machubu chilimwe, kuyambira cha mu Ogasiti, kuti mbande zikhale zitakhwima mvula ikamayamba. Njere zolimba khungu ngati za msangu zimafuna kuzikanda pang'ono kuti zimere msanga.

• Kumbani mayenje mvula isanagwe, ndipo wokerani nthaka ikanyowa bwino mu Disembala kapena Januwale. Mmera m'poyamba.

• Tetezani mitengo ku mbuzi, ipalireni, ndipo lambulani m'mbali mwake udzu usanaume kuti moto wolusa usaifikire. Kubzala ndi kwa tsiku limodzi, kusamala ndi kwa zaka.

• Itanani mabanja opanda ana ngati anthu ofunika pa ntchitoyi, osati ngati anthu omvetsa chisoni. Apatseni udindo weniweni.

Kwa omwe akufuna kulera mwana wamasiye mwalamulo, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma ndiyo imapereka malangizo.

Pempho lathu kwa mafumu, ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo ndi lakuti banja likabwera ndi nkhani ya kusowa mwana, musathamangire kufunsa kuti wolakwa ndani. Atumizeni kuchipatala onse awiri, kanizani za fisi ndi za kukayesa kunja, ndipo letsani mayina onyoza pabwalo ndi pamjigo. Kwa inu amayi ndi abambo omwe mukudutsa m'chisoni chimenechi, khomo la mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi lotsegula, ndipo zomwe mudzatiuze ndi zachinsinsi. Bwerani tikambirane, tiyezetse, ndipo mvula ikagwa mu Disembala tidzakumane kunazale.